Tikufunsani: Kodi ku Langebaan n'kopita ndi ana?

FUNSO: Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Nkhotakota koma ndikugwira ntchito ku Cape Town. Anzanga akundiuza za Langebaan, kuti kuli dambo la mchere, mbalame zambiri, ndiponso malo opalasa bwato. Ndikufuna tikagone m'tenti masiku awiri pa tchuthi cha Disembala. Ine ndinakulira kunyanja, nkhafi ndimaidziwa. Koma kodi kulibe ng'ona? Nanga ana akaonako chiyani kudambo?

YANKHO: Mayi, pitani, ndipo anawo muwatenge. Za ng'ona chotsani nkhawa: ku Langebaan kulibe ng'ona, kulibe mvuu, ndipo likodzo kulibenso chifukwa nkhono zake sizikhala m'madzi a mchere. Chimene ndikufuna muchigwiritse ndi china. Mwati nkhafi mumaidziwa, ndipo ndikukhulupirira, koma madzi mukukakumana nawowo sali ngati a ku Nkhotakota. Nyanja yathu mukaisiya m'mawa pamwala wakuti, madzulo mumaipeza pomwepo. Ya ku Langebaan imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, pafupifupi maola 6 ikubwera, maola 6 ikubwerera.

Ulendo wanga woyamba ndinapalasa kayaki ndi mphwanga madzi atadzaza, tikuona mchenga pansi mbee. Tinakocheza penapake kuti tidye kamba wathu. Pomwe timati tibwerere, bwato linali litakhala pamatope, madzi ali uko, ndipo mphepo inali itayamba. Tinalikoka mtunda wautali miyendo ikutitimira mpaka m'mawondo, ndipo mphwangayo anatemeka phazi ndi chigoba. Tikanakhala ndi ana aang'ono tsiku limenelo, zikanativuta kwambiri. Ndiye musanakwere bwato funsani kwa obwereketsa kayaki nthawi ya kudzaza ndi kuphwa kwa madzi tsiku limenelo. Nyamukani m'mamawa. M'Disembala mphepo yochokera kumwera chakum'mawa imakula masana, n'chifukwa chake tauniyi imadzaza ndi anthu oseweretsa makaiti pamadzi. Muione ngati mwera, ndipo inu mukudziwa kuti mwera sachita nawo makani. Aliyense avale jekete yoyandamitsa, ngakhale wodziwa kusambira.

Malowa ali mu West Coast National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1985 ndipo imayang'aniridwa ndi SANParks, bungwe losamalira mapaki a dziko la South Africa. Kuchokera ku Cape Town ndi makilomita pafupifupi 120 pamsewu wa R27. Mutenge pasipoti kapena chiphaso chanu chokhalira, popeza mtengo wolowera umasiyana pakati pa okhala m'dzikomo, a m'maiko a SADC ndi alendo ochokera kutali. Za tenti: mkati mwa paki simukhoma paliponse pamene mwafuna. Malo a matenti ali m'tauni ya Langebaan, monga ku Leentjiesklip, ndipo a Disembala amatha msanga, choncho sungitsani malo pano. Zikhomo za tenti zikhale zazitali, chifukwa pansi ndi mchenga.

Thamanda la Langebaan, lomwe ndi madzi a m'nyanja ya mchere olowerera kumtunda, analigawa patatu. Chigawo A, cha kufupi ndi tauni, chimalola maboti a injini ndi kuwedza. Ku chigawo B injini saloleza. Chigawo C, chakumwera kwenikweni kumene kuli dambo lalikulu, n'choletsedwa kulowamo ndi bwato lililonse. Ena amadandaula nazo, koma ine lamuloli ndimalivomereza ndi mtima wonse. Timasamba tatifupi, tonenepa, tofiirira timene timamera m'matope amenewo tikapondedwa timachedwa kuphukanso, ndipo m'matopemo ndimo muli nyongolotsi, nkhono ndi nkhanu zimene mbalame zimadya.

Mbalamezo ndizo ndikufuna ana anu akaone. Pitani ku Geelbek, kumene kuli nyumba yakale ya pafamu. Kuchokera pamenepo pali kanjira ka matabwa kodutsa pamwamba pa dambo mpaka ku kanyumba kobisalamo. Mukhale chete, mudikire. Madzi akamabwera amakankhira mbalame kufupi ndi inu, kotero funsani ogwira ntchito kupaki nthawi yabwino yolowera. Mudzaona ma flamingo ataima ndi mwendo umodzi, koma ine zimene zimandigwira mtima ndi timbalame totuwa, tosaoneka bwino n'komwe, tothamangathamanga m'mphepete mwa madzi. Tina mwa ito timaswana ku Siberia ndi kumadera ena ozizira a kumpoto kwa dziko lapansi, kenako timauluka ulendo wonsewo kudzadya m'matope a ku Langebaan kuyambira cha m'Seputembala mpaka Epulo. Disembala ndi nyengo yake yeniyeni. Chifukwa cha mbalamezi, mu 1988 malowa analowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, momwe mulinso nyanja yathu ya Chilwa. Mukabwereka makina oonera patali, anawo sadzafuna kutulukamo.

Tsiku lachiwiri kasambeni ku Kraalbaai, gombe la thamandali mkati mwa paki. Madzi ake ndi osaya, odekha, ndiponso ofundirapo kusiyana ndi a Atlantic amene amazizira ngati a mufiriji. Kufupi ndi pamenepo, mu 1995, anapeza mapazi a munthu odindika pamwala, a zaka pafupifupi 117,000. Mwala weniweniwo uli ku Iziko South African Museum ku Cape Town komweko, ndiye mungathe kukawaonetsa ana mukabwerera.

Mumsewu wa mupaki muyende pang'onopang'ono, chifukwa afulu amadutsa pafupipafupi ndipo ambiri amafa ndi matayala. Mudzakumananso ndi nthiwatiwa ndi nchefu. Ana asalowe m'tchire opanda nsapato, mphiri ziliko. Mbali ya Postberg, yotchuka ndi maluwa, mudzaipeza yotseka chifukwa imatsegulidwa mu Ogasiti ndi Seputembala mokha. Madzi akumwa munyamule okwanira, zipewa, ndi majuzi a usiku, popeza mphepo ya kunyanja imazizira ngakhale m'chilimwe.