Bala la mtsempha wa pakhosi: kapimidwe, chithandizo ndi nambala yake

Mayi wina amene amasunga mabuku a odwala pachipatala china m'boma la Thyolo wandilembera pa imelo. Akuti analandira bambo amene anavulala pambali pa khosi ndi mpeni wodulira tiyi, magazi ake anali akuda ndipo ankangoyenderera, dokotala anasoka, koma pafomu ya chipukuta misozi pakufunika nambala ya ICD-10, ndondomeko yapadziko lonse yopatsa matenda ndi zovulala manambala. M'buku munangolembedwa kuti bala laling'ono pakhosi, ndiye akufunsa kuti alembe nambala iti.

Mayi, nambala imatsatira zimene dokotala wapeza, choncho ndiyambe ndi kapimidwe. Kunsi kwa khungu la pakhosi kuli mnofu wopyapyala wotchedwa platysma, ndipo bala lililonse lobowola mnofu umenewu saliyesa laling'ono mpaka atatsimikiza kuti m'kati muli bwino. Mtsempha wa external jugular, umene umaoneka pambali pa khosi munthu akamakuwa, uli kuseri kwa mnofu womwewu, kotero ngati mtsemphawu wachekedwa ndiye kuti mpeni unabowola mnofuwo. Chapafupi pomwepo pali mtsempha wa m'kati wotchedwa internal jugular, mtsempha wa carotid wopita ndi magazi ku ubongo, kholingo ndiponso kummero.

Magazi akuda oyenderera amasonyeza mtsempha wobwezera magazi kumtima ngati jugular, pamene ofiira otumphuka motsatira kugunda kwa mtima amachokera mumtsempha ngati carotid. Koma dokotala wosamala sakhutira ndi mtundu wa magazi wokha. Amayang'ana ngati pakhosi pakutupa mowonjezereka, ngati pabala pakutuluka thovu, ngati mawu asasa, ngati wodwala akubanika kapena kulephera kumeza, ndiponso ngati mbali imodzi ya thupi yafooka. Chimodzi mwa zimenezi chikaoneka, wodwala ayenera kupita kufiyeta kapena kutumizidwa msanga ku Gulupu ku Blantyre. Kupisa chala kapena chitsulo m'bala kunja kwa fiyeta n'kosayenera, chifukwa kumachotsa magazi amene anaundana n'kutseka mtsempha.

Pali ngozi ina imene ndimafuna anthu ogwira ntchito m'minda ataidziwa. Mtsempha wa pakhosi ukatseguka, munthu akamakoka mpweya, mpweya wina ukhoza kulowa mumtsemphamo n'kukafika kumtima. N'chifukwa chake wovulala amafunika kumugoneka, kutseka bala ndi nsalu yoyera n'kupanikiza ndi dzanja, osamukhazika tsonga ndiponso osamanga chilichonse mozungulira khosi. Zikatsimikizika kuti wavulala ndi external jugular wokha, chithandizo sichivuta: mtsemphawo amatha kungoumanga popanda vuto popeza magazi amadzera m'mitsempha ina, kenako amatsuka bala, kusoka ndi kupereka katemera wa kafumbata.

Tsopano nambala. Mu ICD-10 ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, kuvulala kwa mitsempha ya magazi ya pakhosi kuli pa S15: external jugular ndi S15.2, internal jugular ndi S15.3, ndipo S15.9 ndi ya mtsempha umene sunatchulidwe. Bala la pakhosi lenilenilo lili pa S11, pamene chimene chinavulaza chimakhala ndi nambala yakeyake, monga W26 ngati ndi ngozi ya mpeni kapena X99 ngati munthu anachita kubayidwa ndi mnzake. Nambala zazitali monga S15.211A, zimene mungazipeze pa intaneti, ndi za ICD-10-CM ya ku America, imene imasiyanitsa kuchekeka pang'ono ndi kuchekeka kwambiri, kumanja ndi kumanzere. Musazisakanize ndi za WHO pokhapokha ngati eni fomu apempha zimenezo.

Malangizo anga ndi akuti musasankhe S15.2 mongoganizira, ngakhale kuti zimene mwafotokoza zikuloza komweko. Bwererani kwa dokotala amene anasoka, alembe yekha m'bukumo ngati mtsempha unachekedwa, mtsempha wake uti, mbali iti, ndiponso ngati anaumanga. Akanena kuti mpeni unangocheka khungu, nambala yoyenera ili pa S11 basi. Bambo ameneyu chipukuta misozi chake chidzadalira zimene zalembedwa, ndipo akadzabwera khosi litatupa kapena bala likutuluka mafinya, amene adzamuone adzayambira pa mawu omwewo.