Buck yanu yolirayo: TL494 ilibe mlandu, ndi ma ceramic

Achimwene a ku Chilenje, mwati munapanga buck ya chip cha TL494 yotsitsa 24V ya mabatire a sola kufika pa 12V kuti rauta isamafe magetsi akazima, ndipo chichotsereni capacitor ya electrolytic ya kotulukira n'kuikapo ma capacitor a ceramic, koyilo ikulira ngati nkhululu ndipo voteji ikungovina. Ndalama ya basi yopita ku Town kukagula chip china isungeni.

Electrolytic ija inkakusenzerani katundu inu osadziwa. Ndi koyilo ya 22 µH ndi capacitor ya 100 µF zomwe mwatchula, fyuluta yanu ili ndi ma pole awiri (malo omwe gain imayambira kutsika) cha pa 3.4 kHz, ndipo mukadutsa pamenepo phase imatsetsereka kulowera ku madigiri 180. ESR (resistance ya m'kati mwa capacitor) ya electrolytic, tinene 0.1 ohm, inkaika zero (chotsutsana ndi pole) cha pa 16 kHz, kufupi ndi pomwe gain ya lupu yoyang'anira voteji yotuluka imadutsa 0 dB, n'kubweza phase ina. ESR ya ceramic ndi ma milliohm ochepa chabe, choncho zero ija yathawira kutali, ku ma kHz mazana. Compensation ya Type II (ma resistor ndi ma capacitor okhazikitsa lupu) yomwe muli nayo singabweze phase yoposa madigiri 90, ndiye yatsala yokha ikulephera.

Njira yachidule, bwezerani electrolytic, musiye ceramic imodzi yaing'ono pambali pake. Ya rauta yokha, ine ndingachite zimenezo n'kukagona.

Koma ngati mukufuna ma ceramic okhaokha, pitani pa Type III. Ma zero ake awiri aikeni pafupi ndi ma pole aja a LC (koyilo ndi capacitor), imodzi pansi pake pang'ono. Ma pole awiri enawo akwere cha pa 50 kHz, theka la 100 kHz yomwe chip chikuyendera. Crossover (pomwe lupu imadutsa 0 dB) ikhale pakati pa 10 ndi 20 kHz, phase margin (phase yotsala pa crossover isanafike madigiri 180) isatsike pansi pa madigiri 45, ndipo ikafika 60 mtima umakhala m'malo. Chenjerani apa: ceramic ya X5R yolembedwa 16V mukaipatsa 12V imatha kutaya theka la capacitance yake. 100 µF yanu ikasanduka 50 µF, ma pole aja asamukira ku 4.8 kHz, masamu anu onse asokonekera. Onani graph ya DC bias mu datasheet musanawerengere chilichonse, kenako yesani pa kompyuta mu pulogalamu ya LTspice, ndi yaulere.

Wina akuuzani kuti ingoikani capacitor yaikulu pa pin 3 ya TL494, phokoso litha. Lithadi. Ndinachitapo zimenezo pa tebulo langa ku Matero, chinthu chinakhala zii, ine n'kudzitama. Nditalumikiza fani ya 2A voteji inagwa kwa kanthawi mpaka rauta inazima n'kuyambiranso, chifukwa lupu inali itasanduka fulu.

Ndiye musakhulupirire makutu. Tengani MOSFET ndi resistor ya mphamvu, muziyatsa ndi kuzimitsa katundu kuchoka pa theka la ampere kufika 2A, scope (oscilloscope, chida choonetsa momwe voteji ikusinthira) ili pa AC coupling, waya wa ground wa probe ukhale waufupi. Voteji ikadumpha kamodzi n'kukhazikika, zili bwino. Ikagwedezeka katatu kapena kanayi, phase margin yachepa. Yesani batire lili lodzadza komanso litatsika, chifukwa pa voltage mode, momwe buck yanu imayendera, gain imakwera limodzi ndi voteji yolowa. Mujambule zomwe scope yaonetsa mutitumizire, pamodzi ndi ma resistor ndi ma capacitor omwe ali pa pin 2 ndi pin 3.