Za doko la Nsanje ndi anzathu a kutsidya

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji timalandira anthu othawa ku Mozambique chonsecho boma lawo linatitsekera doko la Nsanje. Ndikuyankheni ngati mwana wa kwa Tengani.

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta, cha m'ma 1987, anthu ankawoloka Shire pa mabwato usiku, mphasa ndi miphika zili pamutu. M'dziko muno othawa nkhondo anakwana pafupifupi miliyoni, ndipo kuno ku Nsanje anachuluka kuposa eni mudzi. Mayi anga anadulira banja lina la ku Morrumbala kachigawo ka dimba lathu kuti libzalepo mbatata. Sipanafunike womasulira, Chisena chawo ndi chathu n'chimodzi. Pulezidenti Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo, Dhlakama, atasainirana za mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, banjalo linabwerera kwawo. Njala ya 2002 itatipana, chimanga chimene chinatipulumutsa bambo anakachitenga panjinga kwa anthu omwewo.

Za doko zimandipweteka inenso, makamaka ndikadutsa pamenepo n'kuona simenti yonse ija ili gwa, popanda sitima. Koma tinene zoona. Potsegulira dokolo mu Okutobala 2010, a Bingu wa Mutharika anali ndi Robert Mugabe ndi Rupiah Banda, koma Armando Guebuza, pulezidenti wa Mozambique panthawiyo, amene madzi a Shire ndi Zambezi opita kunyanja amadutsa m'dziko mwake, sanabwere. Chombo chonyamula feteleza chinagwidwa ku Marromeu, ku Mozambique, chisanafike. A ku Maputo anati payambe pachitika kafukufuku wa zachilengedwe. N'zoona kuti nawonso amapindula katundu wathu akamadzera ku Beira ndi ku Nacala, sindikuwayeretsa ayi. Komabe kuchokera ku Marka mpaka kunyanja ku Chinde, njira yonse ndi ya eni ake. Ife tinayamba ndi kumanga ndi kuitana alendo, kugogoda kwa mnansi kunabwera pambuyo.

Onani kusiyana kwake ndi njanji. A Chakwera ndi a Nyusi anayamba akhala pansi, a Mozambique n'kukonza mbali yawo kuchokera ku Dona Ana mpaka pamalire ku Vila Nova, njanji n'kulowa ku Marka. Ntchito yopita ku Bangula ikukwawa, koma kumeneko vuto si anansi.

Ndiye amene anafika kuno ku Nsanje kumapeto kwa 2024, pothawa zipolowe za chisankho cha kwawo, si amene anagwira chombo chija. Ambiri anali amayi obereka ana kumbuyo, anthu amene timagulana nawo nsomba ndi nyemba, timalirira nawo maliro. Mkwiyo wa doko tiupereke kwa aphungu athu, afunse boma kuti zokambirana za njira ya m'madzi zinathera pati. Mayi wobwera ndi kachidebe kopempha madzi tisamubweze pa mjigo.