Chitsononkho chakale chimasunga DNA ngati chili chouma

Achimwene, mwafunsa ngati DNA (malangizo a chibadwa omwe ali m'chamoyo chilichonse) ya m'chitsononkho chakale ingawerengeke. Inde, imawerengeka, bola chikhale chouma. China cha zaka zoposa 5,000, chomwe chinapezeka m'phanga la m'chigwa cha Tehuacán ku Mexico, chinaonetsa chimanga chisanasinthiretu kukhala chomwe timadyachi. Majini (tizigawo ta DNA) ena anali atasintha kale, ena akadali ngati a teosinte, udzu womwe alimi a ku Mexico anayamba kulima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo.

Chinyezi ndiye chimawononga. Kwathu nkhokwe itadontha, chimanga chinachita nkhungu mvula isanathe n'komwe. DNA imawolanso choncho, ndipo ya m'njere zopserera kawirikawiri siwerengeka. Mukapeza zotere m'phanga musazigwire ndi manja, thukuta lanu lingasokoneze zotsatira za kafukufuku. Itanani akatswiri ofukula zakale.