Kodi ana asiye kumenya mpira ndi mutu?

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amaphunzitsa timu ya anyamata a zaka zapakati pa 9 ndi 13 kumudzi kwawo. Akuti mayi wa mwana mmodzi anawapeza pabwalo ndi foni m'manja, akuonetsa nkhani ya pa Facebook yakuti kumenya mpira ndi mutu kumaononga ubongo, ndipo akufuna kumuchotsa mwanayo mu timu. Funso la bambowa ndi lakuti: nkhaniyi ndi yoona, kapena ndi zoopsezana za pa intaneti? Nanga amene amachita kafukufuku wotereyu amawalipira ndani?

Bambo, zikomo polemba. Mayiwo musawaseke, chifukwa nkhawa yawo ili ndi maziko. Koma kumuchotsa mwana pabwalo si mankhwala ake.

Kafukufuku amene anagwedeza mpira wa miyendo anachitikira ku yunivesite ya Glasgow ku Scotland, motsogozedwa ndi dokotala woyeza ubongo Willie Stewart, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Anatenga mbiri ya zachipatala ya amuna 7,676 amene anasewerapo mpira wolipidwa m'dzikolo, obadwa pakati pa 1900 ndi 1976, n'kuiyerekeza ndi ya amuna ena oposa 23,000 amsinkhu womwewo komanso ochokera m'madera ofanana. Anapeza kuti osewera mpira ankafa ndi matenda ofooketsa ubongo kuwirikiza katatu ndi theka poyerekeza ndi anzawo aja. Matenda oiwalaiwala a Alzheimer ndiwo anawirikiza kasanu.

Mawu oti "katatu ndi theka" amaopsa akangoima paokha, nchifukwa chake ndimakonda kuti anthu aonenso manambala enieni. Mwa osewera aja, 1.7 pa 100 alionse ndiwo anamwalira ndi matendawa, pomwe mwa anthu wamba anali 0.5 pa 100. Kusiyana kulipo ndithu, koma si kuti wosewera aliyense akudikira tsoka. Ndipo pali mbali ina imene nkhani za pa Facebook zimaisiya: osewera omwewo ankafa mochepa ndi matenda a mtima ndi khansa ya m'mapapo, ndipo kufikira zaka 70 imfa zawo zinali zochepa kuposa za anthu wamba.

Chimene chinandikhutiritsa ine n'chimene gulu lomwelo linapeza mu 2021, litagawa osewera potengera malo awo m'bwalo. Magoloboyi, amene sagunditsa mutu mpira kawirikawiri, sanasiyane kwenikweni ndi anthu wamba. Otchinga kumbuyo, omwe ntchito yawo ndi kubweza mipira ya m'mwamba tsiku ndi tsiku, chiopsezo chawo chinawirikiza pafupifupi kasanu. Amene anasewera zaka zambiri ndiwonso anali pachiopsezo chachikulu. Ku Sweden, kafukufuku wa 2023 wa osewera pafupifupi 6,000 anapeza kuwirikiza kocheperako, kamodzi ndi theka, koma nakonso magoloboyi anapulumuka. Maiko awiri, anthu osiyana, chala chikuloza komweko. Kafukufukuyu sanawerenge kuti munthu aliyense anamenya mpira ndi mutu kangati, choncho sakutsimikiza kuti mutu ndiwo wapalamula, koma nkovuta kupeza china chosiyanitsa goloboyi ndi wotchinga kumbuyo choposa chimenechi.

Ena amati vuto linali mipira yachikopa yakale imene inkamwa madzi mvula ikagwa. Inkalemeradi ikanyowa, koma mpira wouma kulemera kwake sikunasinthe kuyambira 1937, ndipo wa masiku ano umathamanga kwambiri. Ine sindingaike mutu wa mwana wanga pa chiyembekezo chimenecho.

Tsono za ndalama, zimene mwafunsa mwanzeru. Kafukufuku wa ku Glasgow analipiridwa ndi bungwe la mpira la England, FA, pamodzi ndi bungwe la osewera, PFA. Koma sanadzuke okha. Jeff Astle, womwetsa zigoli wa timu ya ku England ya West Bromwich Albion wodziwika ndi zigoli za mutu, anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 59 atadwala matenda oiwala, ndipo woweruza za imfa yake ananena kuti anafa ndi matenda a pantchito. Banja lake linalimbana zaka zoposa khumi kuti akuluakulu a mpira achitepo kanthu. Kenaka osewera asanu a timu ya England imene inapambana chikho cha dziko lonse mu 1966, kuphatikizapo Nobby Stiles ndi abale awiri Jack ndi Bobby Charlton, anadwala matenda omwewo. Zikandifika pamtima nkhanizi, nchifukwa choti anthu amene anadzaza mabwalo ndi kulemeretsa makalabu anatsala m'manja mwa akazi awo ndi ana awo.

Ku America zinali zonyansa kuposa apa. Dokotala wobadwira ku Nigeria, Bennet Omalu, atayeza ubongo wa Mike Webster, wosewera mpira wa ku America uja wogundana, anafalitsa mu 2005 kuti wapeza matenda a ubongo otchedwa CTE, okhudzana ndi kugundidwa kumutu mobwerezabwereza. Madokotala a NFL, bungwe lalikulu la mpirawo, analemba kalata yofuna kuti zimene analembazo zichotsedwe. Mu 2013 bungwelo linavomera kulipira madola 765 miliyoni kwa osewera akale amene analisumira. Ndiye mukamawerenga kafukufuku wa zamasewera, funsani mwini ndalama. Izi sizikutanthauza kuti wolipiridwa ndi bungwe ndi wabodza. Wa ku Glasgow uja anatulutsa zowawa kwa amene anamulipira, ndipo chimenecho chimandipatsa chikhulupiriro. Funsaninso kuti anayeza ndani. Kafukufuku wotchuka wa ku Boston wa 2017 anapeza CTE mu ubongo wa osewera a NFL 110 mwa 111, koma ubongowo unaperekedwa ndi mabanja amene ankaona kale kuti m'bale wawo akudwala. Sungawerenge odwala pachipatala n'kunena kuti mudzi wonse uli choncho.

Kumbukiraninso kuti onsewa anali akuluakulu amene anasewera mpira ngati ntchito kwa zaka zambiri, osati ana othamangitsa chikulunga madzulo. Ndipo phindu la kuthamangako ndi lodziwika kuyambira kale. Mu 1953 Jerry Morris anaonetsa kuti makondakitala a mabasi osanjikizana a ku London, amene ankakwera ndi kutsika masitepe tsiku lonse, ankadwala mtima mochepa kuposa madalaivala okhala pampando. Bungwe la zaumoyo la WHO limati mwana azichita masewera olimbitsa thupi mphindi 60 patsiku. Mwana wa mayi uja akachoka mu timu yanu, mphindi zimenezo adzazipeza kuti?

Maiko ena asankha njira yapakati. America inaletsa ana a zaka 10 kutsika kumenya mpira ndi mutu mu 2015. England, Scotland ndi Northern Ireland anachotsa zimenezi pa masewera okonzekera a ana a ku pulayimale mu 2020. Ngakhale kwa akuluakulu, England imalangiza kuti mipira yamphamvu yomenya ndi mutu isapitirire khumi pa sabata pokonzekera.

Inu simufunika ndalama kuti muchite chimodzimodzi. Anyamata anu osakwana zaka 12 asaime pamzere n'kumaponyeredwa mipira kumutu. Nthawi imeneyo aphunzire kuimitsa mpira pachifuwa ndi kupatsirana pansi. Akuluakuluwo aphunzire ndi mpira wopepuka, kangapo chabe. Mpira wa akuluakulu, wopopedwa mpaka kuuma gwa, si wa mwana wa zaka 9.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi cha ana akagundana mitu kapena wina akagwa chagada. Wosewera wa Germany Christoph Kramer anagundidwa kumutu pa ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse mu 2014, anapitiriza kusewera, kenaka anakafunsa woyimbira ngati awa analidi masewero omaliza. Ngati zinachitika pamaso pa madokotala, pabwalo lanu n'zosavuta. Mwana akaoneka wachizungulire, wosokonezeka kapena akudandaula mutu, atuluke ndipo asabwererenso tsiku limenelo, ngakhale alire. Akayamba kusanza, kuwodzera modabwitsa kapena mutu kukulirakulira, mupite naye kuchipatala msanga. Mayi aja muwaitane Loweruka adzaone okha mmene mwasinthira, ndipo muwauze kuti mwana wawo akagundidwa kumutu, inu ndinu woyamba kuwaimbira foni.