Funsani Dokotala: Ana onse awiri anasokedwa mlomo, nanga bwanji wanga akulankhulira m'mphuno?

Adokotala, mwana wanga wamwamuna anabadwa ndi mlomo wong'ambika, ndipo mng'aluwo unalowa mpaka kumwamba kwa m'kamwa. Mlomo anamusoka ali ndi miyezi 7. M'kamwa anamusoka ali ndi zaka 3, atabwera madokotala akunja. Pano ali ndi zaka 5. Mlomo uli bwinobwino, koma akamamwa tiyi wina amatulukira m'mphuno, ndipo zolankhula zake timazimva ndife a pakhomo pano basi. Kutchalitchi kwathu kuli mwana wina amene anachitidwa opaleshoni yomweyi, koma iye amalankhula bwino. Kodi dokotala wa mwana wanga analakwitsa? (Mayi wa ku Ntcheu)

Mayi, choyamba kafunseni mayi ake a mwana winayo ngati wawo anang'ambika mlomo wokha kapena ndi m'kamwa momwe. Anthu amangoti opaleshoni yomweyo chifukwa chipsera chili pamalo amodzi, koma mavutowa ndi awiri osiyana. Mwana wong'ambika mlomo wokha akasokedwa, kawirikawiri nkhani imathera pomwepo, ndipo amalankhula ngati anzake. Amene mng'alu unafika kumwamba kwa m'kamwa ulendo wake ndi wautali, chifukwa kumeneko n'kumene kumalekanitsa kamwa ndi mphuno. Mbali yakutsogolo ndi fupa, yakumbuyo ndi mnofu wofewa umene umakwera n'kutseka njira ya kumphuno tikamameza kapena kulankhula.

Zimene mwafotokozazi zimachokera pa zinthu ziwiri, ndipo mwana angakhale nazo zonse. China ndi kabowo kamene kamatsala, kapena kutsegukanso, pamzere umene anasoka. Mukamuunika ndi tochi atayasamula mukhoza kukaona, nthawi zina n'kakang'ono ngati njere ya mpunga, ndipo chakudya chimakanirira pamenepo. Tiyi wotulukira m'mphuno nthawi zambiri amadzera pamenepa. China ndi mnofu wofewa uja ukakhala waufupi kapena wosakwera mokwanira, moti mpweya umathawira m'mphuno. Zilembo za p, b, t, d, k ndi s zimafuna kuti mpweya uyambe wadzadza m'kamwa kenako n'kutuluka mwamphamvu. Ukamathawa, mwana akafuna kunena kuti "ababa" zimamveka ngati "amama". Yesani izi kunyumba: ikani kagalasi kozizira kunsi kwa mphuno yake, anene kuti "papa, papa" kapena "kapu". Galasi likachita nthunzi ndiye kuti mpweya ukudutsa kumene sukuyenera kudutsa.

Tsopano za msinkhu, ndipo apa ndi pamene ndikuona kuti panagona nkhani. Mlomo umasokedwa mwana ali ndi miyezi 3 mpaka 6, ndiye miyezi 7 sikuchedwa kodetsa nkhawa. M'kamwa timafuna kusoka ali pakati pa miyezi 9 ndi 18, asanayambe kulankhula kwenikweni. Wanu anafika zaka 3 m'kamwa muli potseguka. Pa zaka zimenezo anali atadzipezera kale njira yake yotulutsira mawu, yogwiritsa ntchito kukhosi m'malo mwa lilime ndi milomo. Opaleshoni imatseka mng'alu, koma chizolowezi chimenecho sichichoka ndi ulusi. Chimafuna kuphunzitsidwanso.

Nanga dokotala analakwitsa? Kabowo kamachitika ngakhale kwa madokotala odziwa bwino ntchito yawo, makamaka mng'alu ukakhala waukulu, chifukwa minofu ya mbali ziwirizo imakokedwa kwambiri kuti ikumane. Koma sindikubisirani kuti zotsatira zimasiyana kwambiri malinga ndi kumene mwana wachitidwira opaleshoni, ndipo zimenezi zinafufuzidwa. Mu 2012 kunatuluka kafukufuku woyerekezera ana osokedwa m'kamwa pa maulendo a madokotala odzipereka ku Ecuador, dziko la ku South America, ndi ana osokedwa pachipatala china cha akatswiri ku America. Ku America ana otsala ndi kabowo sanakwane 3 pa 100 alionse. Ku Ecuador anaposa theka, ndipo zinali choncho kaya wosokayo anali dokotala wa ku Ecuador komweko kapena wochokera ku America. Choncho nkhani si khungu la dokotala kapena ndege imene anakwera. 

Ngakhale mayiko olemera anadutsamo. Ku Britain, lipoti la mu 1998 linapeza kuti ana obadwa chonchi ankathandizidwa m'malo 57, ndipo madokotala ambiri ankasoka ana ochepa kwambiri pachaka. Zotsatira zake zinali zosasangalatsa poyerekeza ndi malo abwino a ku Ulaya konko, pa kalankhulidwe ndi pa kakulidwe ka nsagwada. Boma linachepetsa malowo n'kusiya ochepa, aliwonse okhala ndi gulu lathunthu: dokotala wa opaleshoni amene ntchito yake yaikulu ndi imeneyi, namwino wophunzitsa kadyetsedwe, katswiri wa kalankhulidwe, wa makutu ndi wa mano. Ataunikanso ana a zaka 5 patapita zaka pafupifupi 15, anapeza kuti ambiri akulankhula bwino kuposa a m'mbuyomo. Makolo anayamba kuyenda mtunda wautali, koma ana anapindula.

Ine chimene chimandidandaulitsa ndi chizolowezi choyeza opaleshoni imeneyi ndi zithunzi ziwiri, china mlomo uli wong'ambika, china utasokedwa. Chithunzi sichilankhula. Mabungwe monga Operation Smile ndi Smile Train athandiza ana ambiri amene akanakula osasokedwa n'komwe, ndipo masiku ano amaika mphamvu pa kuphunzitsa madokotala ndi anamwino a m'dziko momwemo, zimene ndi zoyenera. Koma muyeso weniweni ndi wakuti mwana akayamba Sitandade 1, aphunzitsi amve zimene akunena.

Chochita ndi ichi. Tengani kabuku kake ka kuchipatala mupite kuchipatala cha boma cha m'boma lanu, mukapemphe kalata yokaonana ndi madokotala a opaleshoni imeneyi kuchipatala chachikulu, monga Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Queen Elizabeth ku Blantyre. Kabowo kamatheka kutsekedwa, ndipo popeza papita zaka 2 minofu inapola kale. Mnofu wofewa ukapezeka waufupi, pali opaleshoni ina yothandiza kuti uzitseka bwino. Akatswiri a kalankhulidwe m'dziko muno ndi ochepa, ndiye mukapeza mmodzi musachoke asanakuonetseni zoti muzikachita naye kunyumba tsiku lililonse. Musamukalipire kapena kumuseka akalephera liwu, ndipo ana anzake pakhomo muwaletse kumuyeserera.

Mukakafika kumeneko mukapemphenso kuti amuyeze makutu. Ana ong'ambika m'kamwa ambiri amasunga madzi kuseri kwa nembanemba ya khutu, chifukwa minofu yomweyo ndi imene imatsegula kanjira kochokera kukhosi kupita kukhutu. Khutu silipweteka ndipo silituluka mafinya, mwana amangomva motsika, n'kumatchedwa wamwano. Mwana wosamva bwino sangaphunzire kutchula bwino. Ngati mng'alu unadutsanso pa usinini, akadzafika zaka 8 mpaka 11 pamafunika kuikapo kafupa, kawirikawiri kotengedwa m'chiuno mwake, kuti mano achikulire apeze pomera. Mano akewo muziwatsuka kawiri patsiku kuyambira pano.

Mdzukulu wanga ali ndi miyezi 3, ndipo anang'ambika mlomo ndi m'kamwa. Tinapita naye kuti akamusoke koma anatibweza, akuti sikelo yake ndi yotsika. Ena amene tinali nawo pamzere anawasoka. Kodi si tsankho limeneli? (Agogo a ku Mchinji)

Ayi agogo, amene anakubwezaniwo anamuchitira zabwino mwanayo. Pali kalamulo kakale kamene madokotala ambiri amakatsatirabe: mwana akhale atakwanitsa masabata 10, akulemera makilogalamu 4.5 kapena kuposa, ndipo magazi ake akhale okwanira. Mwana wowonda, wochepa magazi, wa chifuwa kapena malungo amakhala pangozi akapatsidwa mankhwala ogonetsa, ndipo bala lake silichedwa kuphwasuka.

Kutsika kwa sikelo kuli ndi chifukwa chake. Mwana wotseguka kumwamba kwa m'kamwa sangakoke mkaka, ngakhale aoneke ngati akuyamwa. Amakhala pabere nthawi yaitali, amatopa, n'kugona ndi njala, amayi n'kumaganiza kuti wakhuta. Amayi ake azifinya mkaka wa m'mawere m'kapu yotsukidwa bwino. Mwanayo akhale chokhala pamiyendo, mutu uli m'mwamba, osati chogona. Kapuyo ikhudze mlomo wam'munsi, ipendekeke pang'ono kuti mkaka ungofika m'mphepete, iye azimwa yekha pang'onopang'ono. Osathira m'kamwa. Muzimupumitsa kawirikawiri n'kumusisita kumsana kuti ageye, chifukwa amameza mpweya wambiri. Kudya kumodzi kusapitirire mphindi 30, ndipo adye maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe. Mkaka ukatulukira m'mphuno musachite mantha, mupukuteni n'kupitiriza. M'zipatala zina muli mabotolo ofewa ofinya opangidwira ana oterewa, kafunseni anamwino. Phala, madzi ndi mkaka wa ng'ombe zidikire kaye. Kusikelo muzipita kawirikawiri kuposa ana ena, ndipo mzere wa m'kabuku ukapanda kukwera musadikire mwezi wina. Akamatsamwa pafupipafupi, kupuma movutika kapena kuda milomo, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsiku la opaleshoni likadzafika, masabata otsatirawo ndi anu. Zala ndi supuni zisakhudze posokedwa. Akadzasokedwa m'kamwa atakulirapo, zolimba monga chimanga chokazinga, mtedza ndi nzimbe zikhale kutali kufikira adokotala atalola, ndipo akatha kudya azimwa madzi pang'ono otsuka m'kamwa. Tsiku limene akulemberani kuti mubwerenso musalidumphe ngakhale bala lioneke lopola.

Kwathu akuti mkazi wanga ndi amene anachititsa kuti mwana wathu abadwe ndi mlomo wong'ambika, mwina anaseka munthu wolumala ali woyembekezera. Kodi tikaberekanso zidzachitikanso? (Bambo wa ku Chipata)

Bambo, mkazi wanu alibe mlandu, ndipo achibale akufunika amve zimenezi kuchokera pakamwa panu. Mlomo wa mwana umalumikizana pakati pa sabata ya 4 ndi ya 7 ya mimba, ndipo kumwamba kwa m'kamwa kumatsatira masabata ochepa pambuyo pake, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti aima. Padziko lonse mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 700 amabadwa chonchi. Nthawi zambiri chifukwa chimodzi chenicheni sichipezeka. Zakumtundu zimatengapo mbali, ndipo zingachokere kuchimuna kapena kuchikazi. Kusuta fodya, matenda a shuga osasamalidwa bwino ndi mankhwala ena a khunyu monga sodium valproate zimawonjezera chiopsezo.

Ngati inu nonse awiri munabadwa bwinobwino ndipo ndi mwana mmodzi yekhayu, mwayi woti zichitikenso uli pakati pa 2 ndi 5 pa 100. Umakwera ngati pali wachibale wina wapafupi wobadwa chonchi. Musanatenge mimba ina, mayi akayambiretu mapiritsi a vitamini ya folic acid, akayezetse shuga, ndipo utsi wa fodya usalowe m'nyumba. Ngati amamwa mankhwala a khunyu asasiye okha, chifukwa kugwa ali woyembekezera ndi koopsa kwa iwo ndi kwa mwana. Apite nawo kuchipatala mimba isanayambe, adokotala akaone ngati angawasinthire ena.