Bambo anga akufuna kukaona FNB Stadium, koma kulibe mpira. Ndipite nawo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa kwathu amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Bambo ake akubwera kudzacheza mwezi wamawa, ndipo apempha chinthu chimodzi chokha, kukaona FNB Stadium, bwalo lalikulu la mpira la mumzindawo. Masiku amene adzakhaleko kulibe masewero, ndiye anzake akumuseka kuti angalipire bwanji marandi kukaona mipando yopanda anthu. Akufunsa kuti apite nawo, kapena ndalamayo angowagulira nsapato?

Achimwene, imelo yanu ndinaiwerenga katatu, ndipo usiku umenewo tulo ndinatipeza mochedwa. Pempho lomwelo anandipemphapo bambo anga mu 2015.

Bambo anga anali a ku Theba. Anatsika mu mgodi wa golide kuno ku Joni ali mnyamata, ndipo atabwerera kumudzi sanapitenso. Ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito zakumigodi, itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, Kamuzu analetsa kutumiza anthu kumigodi. Ulendo wawo unathera pomwepo. Anatsala ndi bulangete lochindikala, sutikesi yachitsulo, ndi chikondi cha mpira wa kuno. Pa khonde pathu dzina la Kaizer Chiefs linkamveka ngati la wachibale. Patrick Mabedi atakhala kaputeni wa timuyi, bambo ankayenda monyada pamsika ngati mwanayo ndi wawo.

Mu 2010 ndinali ndidakali kumudzi. Chikho cha Dziko Lonse tinkaonera pa sitolo ina pa tauni yathu yaing'ono, pa kanema woyendera jenereta, aliyense atalipira pakhomo. Pa 11 June, Siphiwe Tshabalala wa South Africa atagoletsa chigoli choyamba cha mpikisanowo motsutsana ndi Mexico, benchi imene tinakhalapo inathyoka mwendo. Koma usiku umene sindidzaiwala ndi wa pa 2 July, Ghana ndi Uruguay, pabwalo lomwelo la FNB. Mphindi yomaliza ya nthawi yoonjezera, Luis Suárez wa Uruguay anatchinga mpira ndi manja uli pafupi kulowa, anamupatsa khadi yofiira, Asamoah Gyan wa Ghana anaika mpira pa penate, ndipo unakamenya chitsulo chapamwamba. M'chipindamo munangoti zii, kumangomveka jenereta kunja. Bambo anavula chipewa, kuchiika pa bondo, osayankhula mpaka tinafika kunyumba. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti Africa inaberedwa usiku umenewo, ndipo amene amati Suárez anachita mwanzeru sindimatsutsana nawo nthawi yaitali, ndimangowasiya.

Ndinabwera ku Joni mu 2012. Patapita zaka 3 bambo anabwera kudzandiona, ulendo wa basi wodutsa ku Mwanza, Tete, Harare mpaka Beitbridge, miyendo itatupa. Anakhala milungu iwiri. Tsiku lachitatu anati, mwana wanga, ukandionetse pamene Gyan anaphonyera paja. Ine ndinawerengera tsiku la ntchito limene ndingataye, ndalama ya thiransipoti, ndalama yolowera, n'kuwauza kuti tidzapita ulendo wina pakadzakhala masewero enieni. Ndinawagulira jekete. Tsiku lina tinadutsa chapafupi pa minibasi, iwo anatembenuza khosi kuyang'ana bwalolo mpaka linabisika. Anamwalira mu 2018 asanabwerenso.

Ine ndinapita mu 2019, ndekha, tsiku lapakati pa sabata. Tinalipo anthu ochepa, ena azungu ochokera kunja, ndi mnyamata mmodzi wotiperekeza. Kunja kwake bwaloli analimanga ngati chikho chomwera mowa wamasese chokhala pamoto, tizidutswa take ta mitundu ya dothi, tofiira, tofiirira ndi toderako. Pa kanema zimaoneka ngati utoto chabe, koma ukayandikira n'kukhudza ndi dzanja umaona kuti chidutswa chilichonse n'chachikulu kuposa chitseko. M'makoma mwake muli mizere 10 yoimirira. Mizere 9 inaloza kumabwalo ena amene anachitikira masewero a 2010, ndipo wotsalawo unaloza ku Berlin kumene kunachitikira fainolo ya 2006. Zimenezi pa tsiku la masewero palibe amene angakuuzeni, aliyense amakhala akuthamangira geti lake.

Kenako anatilowetsa m'zipinda zovalira osewera, n'kutitsitsira ku njira imene osewera amatulukira popita m'bwalo. Njira imeneyi anaipanga dala kuti ifanane ndi njira ya mu mgodi, pokumbukira golide amene anamanga mzindawu. Mumachita kamdima, phazi limamveka kawiri, kutsogolo kukuoneka kuwala pang'ono. Pamenepo miyendo yanga inakana. Munthu amene akanaimvetsa njira imeneyo kuposa tonse amene tinalipo, kuposa ngakhale wotiperekezayo, anali bambo anga, ndipo ine ndinawagulira jekete. Anzangawo anapitirira, ine ndinatsamira khoma kwa kanthawi. Nditatuluka, mipando yaolenji yoposa 94,000 inandizungulira mbali zonse, kapinga akuthiriridwa, mbalame zikutola tizilombo pakati pa bwalo. Wotiperekeza anatilozera golo la Gyan ndisanamufunse n'komwe. Anati aliyense wochokera kumaiko a mu Africa amafunsa zomwezo.

Ndiye anzanu akuti mipando yopanda anthu. Pamenepa ndikana ndithu. Amene amayankhula choncho amaganiza kuti bwalo ndi zigoli basi. Pabwalo limeneli, limene linatsegulidwa mu 1989, ndi pamene Nelson Mandela anayankhula kwa khamu la anthu pa 13 February 1990, patangopita masiku awiri atatuluka m'ndende. Mwambo wa maliro a Chris Hani, mmodzi wa atsogoleri olimbana ndi tsankho, mu 1993 unachitikira pomwepa. Bafana Bafana inatengera pomwepa chikho cha Africa mu 1996 itagonjetsa Tunisia 2-0, zigoli zonse za Mark Williams. Andrés Iniesta anapatsa Spain chikho cha dziko lonse pomwepa pa 11 July 2010. Pa 10 December 2013 anthu anakhala pamvula tsiku lonse kutsanzikana ndi Mandela, Barack Obama akuyankhula. Munthu wachikulire amene zonsezi anazimva pa wailesi akufuna aime pamalopo ndi mapazi ake, ayang'ane, akhale chete. Vuvuzela ikulira kukhutu sizingatheke.

Ndinenenso mosabisa kuti kwa munthu wachikulire tsiku lopanda mpira ndiye labwino. Ndinapitako kamodzi Chiefs ikusewera ndi Orlando Pirates, nthawi imene Gabadinho Mhango anali ku Pirates, ndipo chisangalalo chake n'chosasimbika, koma kukankhana kwa pageti kunandichititsa mantha. Anthu 43 anafa ku Ellis Park, bwalo lina la kuno ku Joni, mu 2001 pa masewero a matimu awiri omwewa. Pa FNB pomwepa anthu awiri anafa mu July 2017, mwezi womwewo umene kwathu tinataya anthu 8, ambiri ana, pageti la Bingu National Stadium pa 6 July. Zimandiwawa kuti kwathu mabwalo timawatsegula pa tsiku la chipwirikiti lokha. Kamuzu Stadium ili ndi mbiri yokwana kudzaza tsiku lathunthu, kuyambira masiku a Kinnah Phiri, koma mwana wa ku Ndirande angaimve kwa ndani ngati agogo ake sanamuuze? Tikanakhala ndi munthu mmodzi yekha woyendetsa alendo m'menemo, ana asukulu akanadzaza mabasi.

Za kayendedwe

Bwaloli lili ku Nasrec, pakati pa tauni ndi Soweto, pafupi ndi milu ya dothi lachikasu lochokera m'migodi yakale. Imbani foni kapena lembani kwa oyang'anira bwalolo masiku angapo tsikulo lisanafike, mufunse nthawi ndi mtengo, chifukwa kukakhala masewero, msonkhano wa mpingo kapena oimba, alendo salowa. Ndi bambo achikulire tengani Uber kapena Bolt kuti ikakutsitseni pageti loyenera, poti kuzungulira bwalolo wapansi ndi ulendo pawokha. Avale nsapato zofewa, masitepe ndi ambiri, ndipo atenge chofunda chifukwa m'kati mumadutsa mphepo. Mphamvu zikatsala, Apartheid Museum ili pafupi, ndipo Vilakazi Street ku Orlando West, kumene kuli nyumba yakale ya Mandela, si kutali.

Kuntchito pemphani tsiku lonse, osati theka. Mukafika mu njira ya osewera ija, ena akamafulumira kukajambulitsa pa kapinga, inu mutsalire m'mbuyo ndi bambo anu, muyende pa liwiro lawo. Simunandiuze ngati anagwirako ku migodi, koma anthu a msinkhu umenewo kwathu sasowa mchimwene kapena malume amene anapita ku Theba. Mudzandilembere zimene adzanene m'menemo.